Kuphunziranso kudya nditachepetsedwa chifu

Tsiku limene ndinabwerera kunyumba ku Kapata, mumzinda wa Chipata, ndinapeza apongozi anga atapha nkhuku yakumudzi, nsima ili pamoto. Anali atabwera kuchokera ku Katete dzulo lake kuti adzandichingamire. Anandithira madzi m'manja, nabweretsa mbale, koma ine ndinatulutsa m'chikwama kabotolo ka msuzi wosefa.

"Amayi, pepani, nsima sindingaikhudze mpaka patapita milungu ingapo."

Anandiyang'ana nthawi yaitali. "Mwananga, munthu wochoka kuchipatala amadzuka ndi nsima. Ndiye inu mudzuka ndi chiyani?"

Ndinalibe yankho loti ndiwakhutiritse nalo mtima. Apo n'kuti patapita masiku 13 chichitireni opaleshoni, ndipo chifu changa chinali chisanapole. Ndikulemba izi chifukwa amene amandifunsa za opaleshoniyi amafuna kumva za mpeni ndi ndege, pamene ntchito yeniyeni inayambira pamphasa paja.

Ndinkalemera makilogalamu 128, ndili ndi zaka 41. Shuga anali atandigwira kwa zaka zisanu ndi chimodzi, BP nayo inali pamwamba, ndipo mawondo ankandilirira ndikangokwera kachitunda kochoka kumsika. Opaleshoni imene ndinachitidwa ku India imatchedwa sleeve gastrectomy. Amaboola timabowo ting'onoting'ono pamimba, ine anandiboola tisanu, n'kudula ndi kuchotsa mbali yaikulu ya chifu, magawo atatu mwa anayi kapena kuposerapo pang'ono. Chotsalacho chimakhala chowonda ngati nthochi. Mbali yochotsedwayo ndi imenenso imapanga kwambiri ghrelin, homoni imene imadzutsa njala, n'chifukwa chake miyezi yoyamba njala sindinkaimva n'komwe. Chimene chadulidwa sichibwezeretsedwa. Zimenezi aliyense azimvetse asanasaine pepala.

Zakuchipatala sizinali zambiri. Madzulo a tsiku lomwelo anesi anandidzutsa kuti ndiyende m'khonde, ndipo ankandibaya jekeseni woletsa magazi kuundana. Pondimasula anandiuza zizindikiro zoti ndikaziona ndisadikire kuche: mtima kuthamanga kupitirira 120 pa mphindi ndili chikhalire, kutentha thupi, kupweteka kwa m'mimba komwe kukungokulirakulira, ululu paphewa lakumanzere, kubanika, kapena mwendo umodzi kutupa ndi kuwawa. Izi zingatanthauze kuti pamene anasokapo pakudontha, kapena magazi aundana. Ndinazilemba papepala n'kupatsa amuna anga, chifukwa wodwala mwiniwake amakonda kunena kuti zitha zokha.

Ulendo wa pa Great East Road unafuna nzeru. Kuchoka ku Lusaka kufika ku Chipata ndi makilomita oposa 550, ndipo kukhala malo amodzi maola onsewo n'koopsa kwa munthu wongochitidwa kumene opaleshoni. Basi tinaisiya, mlamu wanga anatitenga pagalimoto yake. Tinaima pa Luangwa, pa Nyimba, pa Petauke ndi pa Katete, ndipo paliponse ndinkatsika n'kuyenda mphindi khumi. Pa Luangwa fungo la nsomba zokazinga linandipeza, pa Nyimba anyamata anabwera ndi mikoko ya nthochi mpaka pawindo. Njala ndinalibe, koma mtima unkafuna. Ndi pamenepo ndinazindikira kuti njala zilipo ziwiri, ya m'mimba ndi ya m'maso, ndipo dokotala anachotsa imodzi yokha.

Dokotala aliyense ali ndi ndondomeko yake ndipo muzitsatira ya amene anakuchitani. Yanga inali yotere: milungu iwiri yoyamba zamadzimadzi zokha, milungu iwiri yotsatira zakudya zopera mpaka zikhale ngati phala la khanda, kenako milungu iwiri ya zofewa, ndiyeno pang'onopang'ono chakudya cha anthu onse.

Chimene chinandigwetsa koyamba ndi madzi. Ndinabwera mu Okutobala, ndipo aliyense wa kuno akudziwa dzuwa la mwezi umenewo. Ankafuna kuti ndizimwa malita 1.5 patsiku, koma chifu chatsopano sichilandira kapu yathunthu. Ukagugudiza, madzi amaima pachifuwa ngati mwala. Ndinayamba kuopa kumwa. Mlungu wachitatu ndinadzuka mutu ukuwawa, mkodzo uli wachikasu kwambiri, ndipo nditaimirira ndinaona mdima. Anandithamangitsira kukiliniki komwe anandiika diripu. Nditabwerako, mwana wanga wamkazi anatenga botolo la theka la lita, nalilemba mizere ndi cholembera, natchera foni yanga kuti izilira mphindi 15 zilizonse. Ikalira ndinkamwa kakamwa kamodzi kapena kawiri. Mabotolo atatu otere ndiwo anali ntchito yanga ya tsiku. Madzi ozizira kwambiri ankandipweteka, ofunda pang'ono ankatsika bwino. Lamulo lina limene ndikulisunga mpaka lero ndi lakuti madzi ndi chakudya siziyendera limodzi. Ndikadya ndimadikira mphindi 30 ndisanamwe kanthu.

Kenako nkhani ya mapuloteni. Anandiuza kuti ndisachepere pa magalamu 60 patsiku, chifukwa thupi likawasowa limayamba kudya minofu yake. Ufa wa mapuloteni umene ndinabwera nawo unatha msanga, ndipo kugula wina kunali kodula. Ndinayenera kuwerengera za kwathu konkuno. Dzira limodzi lili ndi magalamu pafupifupi 6, kapu ya mkaka pafupifupi 8. Mkaka wa ufa wopanda mafuta ndinkauthira m'phala losefa. Nyemba ankaziphika mpaka zitaphwanyika, n'kuzisefa kuti makoko atsale. Nyama ya soya ankaiviika, kuiphika ndi kuipera. Nsinjiro zimathandiza, koma zili ndi mafuta ambiri, choncho supuni imodzi inali yokwanira.

Amene anapulumutsa zinthu ndi apongozi omwe aja. Atamva kuti chimene ndikusowa si nsima koma ndiwo, anatuma mdzukulu wawo kukagula kapenta kumsika. Anamusankha, namutsuka kawiri kuti mchere ndi mchenga zichoke, namuyanika, namukazinga popanda mafuta, kenako anamusinja mumtondo ndi kumusefa mpaka anakhala ufa wosalala. Ine sindikanagwira munsi, chifukwa kwa milungu isanu ndi umodzi anandiletsa kusinja, kunyamula chigubu cha madzi kapena chilichonse cholemera. Ufawo anauika m'botolo, ndipo tsiku lililonse ankathira masupuni awiri mumsuzi wanga. Ankakhala pambali panga n'kumawerenga masupuni amene ndameza. Akafika pa asanu ndi limodzi ine n'kunena kuti ndakhuta, ankapukusa mutu, koma sanandikakamizenso.

Nsima ndinaiyesa mlungu wachisanu ndi chitatu. Ndinatema mbamu monga ndinazolowera kuyambira ubwana, n'kusunsa, n'kumeza osatafuna bwino. Inaima pakati pa chifuwa. Malovu anadzaza m'kamwa, thukuta linatuluka, ndipo ndinayendayenda kuseri kwa nyumba pafupifupi theka la ola mpaka ndinasanza. Cholakwa sichinali cha nsima. Ife nsima timameza, sititafuna, ndipo chifu chodulidwa sichilola zimenezo. Lero ndimadya chonchi: mbale yanga ndi kasosala ka kapu ya tiyi. Ndimayamba ndi dzira, nsomba kapena nkhuku yophika bwino, kenako chiwawa kapena therere, ndipo nsima imabwera pomaliza ngati malo atsala. Ikhale yofewa, mbamu yake yosaposa chala chachikulu, yotafunidwa mpaka isungunuke. Chakudya chimodzi chimanditengera mphindi 20 kapena 30. Ndikangomva ntchofu m'mphuno kapena kantchikwi, ndimadziwa kuti kwadzaza ndipo ndimasiya pomwepo, ngakhale supuni ili m'manja.

Chinyengo chachikulu chili m'zakumwa. Thobwa, maheu ndi tiyi wa shuga wambiri zimatsika mosavuta pamene nyama ikukanika, ndiye munthu amayamba kuzidalira. Pa kitchen party ya mwana wa mnzanga ndinamwa kapu ya thobwa lotsekemera kwambiri. Pasanathe mphindi 20 mtima unayamba kugunda, manja kunjenjemera, m'mimba kupotokola. Madokotala amati dumping syndrome: shuga wafika m'matumbo mofulumira kwambiri. Zimachitika kawirikawiri kwa amene anachitidwa opaleshoni ina yochepetsa thupi yotchedwa gastric bypass, koma ngakhale ife a sleeve zimatipeza. Zakumwa za gasi ndinazisiyiratu.

Pa mankhwala ndikupemphani mumvetsere. Brufen ndi diclofenac, amene timangogula tikamva msana, amatha kuchititsa zilonda m'chifu chodulidwa. Ine ndimamwa Panado, ndipo kulikonse kumene ndikukalandira chithandizo ndimayamba ndanena za opaleshoni yanga. Omeprazole ndinamwa miyezi yoyamba chifukwa cha kutentha pamtima. Mankhwala a shuga ndi a BP anasinthidwa ndi dokotala, osati ndi ine, chifukwa shuga amatsika msanga opaleshoni ikangochitika ndipo mlingo wakale ungakugwetse. Mwezi wachitatu anandichotsa pa mankhwala a shuga, a BP anangowachepetsa. Koma m'malo mwake munalowa mavitamini, ndipo amenewa ndi a moyo wonse: multivitamin, calcium, vitamin D, ayironi ndi B12. Calcium ndi ayironi sizimwedwa nthawi imodzi, zimafuna kutalikirana maola awiri, ndipo tiyi amalepheretsa ayironi kulowa bwino m'thupi. Calcium citrate, mtundu wa calcium umene ndimamwa, sindimupeza nthawi zonse kuno, ndiye mng'ono wanga amanditumizira pabasi kuchokera ku Lusaka, wa miyezi itatu nthawi imodzi.

Mwezi wachinayi tsitsi linayamba kutsalira pachipeso. Anali atandichenjeza kuti zimachitika pakati pa mwezi wachitatu ndi wachisanu ndi chimodzi thupi likamaonda mofulumira, komabe kuliona m'manja kunandiliza. Ndinameta, n'kumavala chitambala. Linayamba kumeranso cha mwezi wachisanu ndi chitatu.

Nthawi yomweyo ndi imene anthu anayamba kulankhula. Kwathu kuno mkazi wonenepa ndiye kuti akusungidwa bwino, ndipo munthu akaonda mwadzidzidzi, tsitsi n'kuthothoka, aliyense amadziwa chimene chimaganiziridwa. Kumsika mayi wina amene ndimagulako tomato anandigwira dzanja n'kunong'ona kuti, "Amake mwana, musachite manyazi, pitani mukayezetse, mankhwala alipo masiku ano." Ananena mwachikondi ndipo sindinamukwiyire. Ena sanali achikondi chotero. Amuna anga anamva kuntchito kuti andibweretsera matenda, ena ankati akundimana chakudya. Chimene chinandiwawa kwambiri n'chakuti ndili ndi abale amene akumwa ma ARV zaka zambiri, anthu amphamvu olera ana awo, ndipo kunong'ona konseku kunandionetsa zimene iwo amasenza tsiku ndi tsiku osatiuza.

Pamaliro ndiye panali povuta koposa. Mumadziwa mmene timakhalira azimayi, mbale imodzi anthu asanu, ndipo wosamba m'manja msanga amaoneka ngati wanyoza nyumba ya ofedwa. Pamaliro ena ku Mtenguleni ndinatema kambamu kamodzi, ndiwo pang'ono, n'kusiya. Gogo wina anafunsa mokweza kuti kodi chakudya cha kumudzi chikundinyansa. Ndinabwerera kunyumba ndili ndi chisoni. Poyamba ndinkabisa za opaleshoniyi chifukwa ndinkaopa kuti anthu anena kuti ndinawononga ndalama pofuna kukongola. Pambuyo pa tsiku limenelo ndinaimirira pamsonkhano wa azimayi kumpingo n'kufotokoza zonse: za shuga, za mawondo, za chifu chimene chatsala. Ndinawaonetsa ndi dzanja kukula kwake. Kuyambira pamenepo ndikakhala pambale ndimayamba ndanena kuti, "Mundikhululukire, chifu changa anachichepetsa kuchipatala, ndidya pang'ono koma ndikhala nanu mpaka mumalize." Ndipo ndimakhaladi, osasamba m'manja mpaka onse atatha. Ambiri amamvetsa. Ena amati ndinasankha njira yachidule, ndipo amenewo sindilimbana nawo.

Pali china chimene sindinachiyembekezere. Mwezi wachiwiri ndinkalira usiku popanda chifukwa chooneka, ndipo kangapo ndinauza amuna anga kuti ndinalakwitsa. Zaka zonsezi ndikakhumudwa ndinkapita kukhitchini, vitumbuwa ndi tiyi n'kunditonthoza. Tsopano chitonthozo chija chinachoka, mavuto ali pomwepo. Chinandithandiza ndi kuyenda m'mamawa dzuwa lisanakwere, poyamba kungozungulira nyumba, kenako mpaka kumsika ndi kubwerera, komanso kulankhula ndi mayi wina wa ku Lusaka amene anachitidwa opaleshoni yomweyi zaka ziwiri ine ndisanachitidwe. Tinkaimbirana pa WhatsApp Lamlungu lililonse. Ngati chisoni chotere chikupitirira milungu, kauzeni dokotala, si chinthu chochita nacho manyazi.

Khungu linatsala lolendewera pamimba ndi m'mikono. Nyengo yotentha m'mapindikiro mumatuluka zidzolo ngati simuumitsa bwino mukasamba. Telala wanga wabweza madiresi anga katatu. Kwa amene akadali obereka, madokotala amati musatenge pakati mpaka patapita miyezi 12 kapena 18, ndipo dziwani kuti thupi likaonda mimba imabwera mosavuta kuposa kale, choncho za kulera muzikambe musanachoke kuchipatala.

Lero papita miyezi 14 ndipo ndikulemera makilogalamu 84. Sikelo inasiya kutsika miyezi iwiri yapitayo. Njala yayamba kubwerera pang'ono, makamaka cha m'ma 16 koloko, ndipo ndazindikira kuti dzanja langa limapita ku mabisiketi chifukwa satsamwitsa. Ndawachotsa m'nyumba, m'chikwama ndimayenda ndi dzira lowiritsa. Magazi ndinayezetsa mwezi wachitatu, wachisanu ndi chimodzi ndi wa 12, ndipo ulendo womalizawu anapeza kuti ayironi watsika. Nditaganiza bwino ndinapeza kuti piritsi lake ndinkamwera tiyi wa m'mawa. Tsopano ndimamwa usiku ndi madzi ofinyiramo ndimu, calcium n'kutsalira masana. Zotsatira ndinatumiza kwa dokotala pafoni, ndipo anati ndikayezetsenso pakatha miyezi itatu. Tsikulo mwana wanga walilemba kale pakalendala ya kukhitchini.