Mfuti ikawoloka malire, vuto ndi la ndani?

Anzanga, zimandidandaulitsa ndikamva anthu akulankhula ngati nkhondo ya m'dziko loyandikana nalo ndi nkhani ya asilikali okha, umbanda wa m'mizinda n'kukhala wa apolisi okha. Ziwirizi zimayendera limodzi.

Boma la Muammar Gaddafi litagwa ku Libya mu 2011, zida zambiri zinatuluka m'nkhokwe za asilikali n'kudutsa m'chipululu. Pofika 2012 kumpoto kwa Mali zinthu zinali zitavuta kale. Mfuti imene lero ili m'manja mwa chigawenga, mawa yabisidwa pansi pa katundu m'lole, mkuja akubera nayo galimoto m'dziko lina. Ozembetsa anthu ndi mankhwala osokoneza bongo amadutsanso njira zomwezo.

SADC, bungwe la mayiko a kum'mwera kwa Africa, inatumiza asilikali kukalimbana ndi zigawenga ku Cabo Delgado, kumpoto kwa Mozambique, mu 2021, anachokako mu 2024. Ndimayamikira, koma asilikali amabwera n'kupita. Mtima wanga uli pa wapolisi wa pachipata cha m'malire. Akalowetsa nambala ya pasipoti kapena ya galimoto pakompyuta, kodi amaona pompo kuti inabedwa kutsidya? Interpol, bungwe la apolisi a padziko lonse, imasunga mndandanda wa mapasipoti ndi magalimoto obedwa, ndipo akuluakulu apolisi a kum'mwera kwa Africa akhala akukumana m'bungwe lawo la SARPCCO kuyambira 1995. Koma magetsi akazima pachipatapo, kapena intaneti ikadula, wakubayo amadutsa bwinobwino.

Chinanso, mayi wothawa nkhondo ali ndi mwana kumsana si mdani. Mayiko azigawana uthenga msanga kuti apolisi azigwira wozembetsa zida, mayiyo azimulandira.