Kani madzi a m'mitambo amayezedwa!

Abale, zandidabwitsa. Setilaiti ili kutali m'mwambamo imatha kudziwa kuti mtambo wa pamwamba pa nyanja wasenza madzi ochuluka bwanji, mpaka magalamu ake pa sikweya mita. Imamvetsera mafunde osaoneka, onga a wailesi, otchedwa microwave. Nyanja yamchere imatulutsa ochepa poyerekeza ndi mtambo, ndiye mtambo wamadzi umaonekera bwino ngati nyali usiku. Kumtunda njirayi imavuta, nthaka imasokoneza.

Setilaiti ya CloudSat ya NASA, bungwe la ku America lofufuza za m'mlengalenga, yomwe inakwera mu 2006, inkasuzumira mkati mwa mitambo ndi rada, chipangizo chotumiza mafunde n'kumvetsera obwerera, mpaka 2023. Mu Meyi 2024 kunapita setilaiti ina, EarthCARE ya Ulaya ndi Japan.

Ine ndikungokumbukira namondwe Freddy. Madzi amene anakokolola nyumba ku Chilobwe mu Malichi 2023 aja anawatunga ku nyanja ya Indian.