Mmene ndimawotcherera ngodya ya sinki ndi laser

Ndimagwira ntchito pa kampani ina yaing'ono ku Johannesburg yopanga masinki, matebulo ndi mashelefu a m'makhitchini a mahotela. Zonse timapanga ndi stainless steel, chitsulo chija chosachita dzimbiri, ndipo n'chopyapyala, mamilimita 1.2 kapena 1.5 basi. Kumudzi ndinkawotcherera mageti ndi mafulemu a mawindo ndi ndodo zowotcherera zamagetsi zija. Kuno ndinapeza makina a laser ogwira pamanja, osungunula chitsulo ndi kuwala kwamphamvu, a mawati 1500, ndipo anzanga akandifunsa kuti amagwira bwanji ndimawauza kuti kuwotchererako sikuchedwa. Nthawi imathera pokonzekera.

Ndimayamba ndi kupukuta m'mbali mwa zitsulo ndi acetone, mankhwala ochotsa mafuta. Mafuta, fumbi, ngakhale zomata za pulasitiki yomwe chitsulo chimabwera nayo, zikatsala zimasiya timabowo mumsoko. Kenako ndimagundanitsa mbali ziwirizo n'kuzipana zolimba. Apa mpomwe pagona nkhani. Ndi ndodo, mpata ukakhalapo umangodzazamo. Kuwala kwa laser kumagwa pa kadontho kochepera milimita imodzi, ndiye mpata ukakula kumangodutsa osalumikiza kanthu. Lamulo lomwe timayendera ndi loti mpata usapose gawo limodzi mwa magawo 10 a kuchindikala kwa chitsulocho. Pa chitsulo cha mamilimita 1.5, ndiye kuti ngakhale chikhadabo chisalowe. Ngati wopinda chitsulo analakwitsa, ndimabweza akakonze, sindilimbana nazo.

Ndisanayatse makina ndimatseka chitseko cha chipinda chowotchereramo. Kuwala kwenikweni kwa makina amenewa, otchedwa fiber laser, sikuoneka ndi maso. Kadontho kofiira komwe mumaona kamangolozera. Kuwala kosaonekako kukagunda chitsulo chonyezimira kumanjanja, ndipo kukalowa m'diso kumawotcha mkati munthu asanaphethire n'komwe. Chigoba wamba chowotcherera sichikwanira. Ndimavala magalasi opangidwira kuwala kotereku, pamwamba pake chigoba cha laser, ndi magolovesi. Mnzanga akagogoda, ndimayamba ndazimitsa.

Kutsogolo kwa mfuti, chida chogwira pamanja chomwe chimatulutsa kuwalako, kuli kagalasi koteteza. Ndimakasuzumira m'mawa uliwonse, chifukwa kakada kapena kakapsa mphamvu imatsika ndipo umayamba kunamizira makina. Ndimatsegula gasi, nayitrojeni kapena argon, woti athamangitse mpweya pamalo osungunukawo. Ndimamangirira waya wachitetezo pa sinkiyo. Ameneyu si wa magetsi owotcherera ayi, ntchito yake ndi yoti mfuti isawombe ngati mlomo wake sunakhudze chitsulo.

Pa sikirini ndimasankha mphamvu ndi wobble, kutanthauza kugwedezeka kwa kuwala uku ndi uku mwachangu kuti msoko ukulepo pang'ono. Sindiyambira pa sinki. Ndimatenga zidutswa ziwiri zotsala, kuwotcherera, kuzipana pa vayisi n'kuzimenya ndi hamala. Msoko wa laser umakongola ngakhale usanalowe mkati, ndiye maso okha amanamiza. Ndimatembenuzanso chidutswacho kuona ngati kutentha kwafika kuseri.

Zikatheka, ndimagoneka mfuti chopendekera kuti kuwala konjanja kusabwerere mumfuti kapena kwa ine, ndipo kutsogolo kwake kusakhale munthu. Ndimamata timadontho m'malo angapo, kenako kukoka msoko wonse ulendo umodzi. Ndikamagwiritsa ntchito waya wodzazira, wayayo amakankha yekha mfuti, dzanja limangotsatira. Ukaima pang'ono chabe waboola. Phokoso ndi lochepa, zothetheka ndi zochepa, koma utsi ulipo, ndiye makina okoka utsi amakhala oyatsa.

Msoko ukatuluka woyera kapena wachikasu pang'ono ndimadziwa kuti gasi anakwana. Ukada ndiye kuti mpweya unalowerera. Chomwe chimandisangalatsa n'chakuti chitsulo sichipindika. Ndi TIG, njira ina yowotcherera ndi magetsi ndi gasi, tebulo lopyapyala limatukumuka ndi kutentha, umataya nthawi kuwongola ndi kupala ndi grinder. Apa kutentha kumakhala pamzere wokhawo.

N'chifukwa chake mafakitale akuluakulu anaikonda njira ya laser imeneyi. Opanga magalimoto amalumikiza zitsulo zochindikala mosiyana asanazidinde kukhala zitseko, ndipo mabatire a magalimoto amagetsi amawotchereredwa ndi laser. Kampani yopanga ndege ya Airbus inayamba kulumikiza motere mbali zina za thupi la ndege pa ndege yake ya A318 m'malo mokhoma marivet, misomali yolumikizira zitsulo. Kumeneko mfuti imagwiridwa ndi maloboti, ndipo zopanira zawo sizisiya mpata.

Kasitomala akabweretsa chitsulo chokutidwa ndi zinki, monga malata, ndimachita kaye kuganiza. Zinki imawira pa madigiri 907 pomwe chitsulo chimasungunuka cha m'ma 1500, ndiye nthunzi yake imaphulika mumsoko n'kusiya mabowo. Ndikamasanjikiza ziwiri ndimasiya dala kampata kakang'ono koti nthunziyo izitulukira, apo ayi ndimayamba ndapala zinkiyo m'mbali.