Zala ziwiri zomwe zinakana kupinda

Chikwanje chinandithera m'chikhatho ndikudula mkoko wa nthochi kumunda kwathu ku Thekerani. Bala lake silinali lalikulu, moti amayi anangoti, "Mangani kansalu, lipola lokha." Chimene chinandiopsa n'choti chala chaching'ono ndi chinzake choyandikana nacho zinangoti njoo, osapinda.

Kuchipatala cha Thyolo anatsuka balalo, kundibaya jakisoni wa kafumbata, n'kunditumiza ku Queens ku Blantyre. Adokotala kumeneko anandifotokozera kuti minofu yopinda zala ili m'mkono, ndipo imakoka zalazo ndi mitsempha yonga zingwe. Mtsempha ukaduka, nsonga yake imathawira m'kati, ndiye ukachedwa kusoka kumavuta.

Opaleshoniyo sindinaimve. Ntchito inali pambuyo pake: dzanja mu pulasitala pafupifupi masabata 6, kwinaku afizo, achipatala othandiza kuti ziwalo ziyambenso kugwira ntchito, akundiuza kuti ndizipinda zalazo pang'onopang'ono ndi dzanja linalo, kuti mtsempha usamatirire. Kuwawa kwake osanena. Nsima ndinkadya ndi lamanzere, ana akundiseka.

Khasu anandiletsa mpaka miyezi 3, dzinja lili pakati, ganyu ndinachita kulemba. Lero ndimafumbata bwinobwino, kungoti kukazizira mu June kachalako kamauma.