Zaka 5 tikugulitsa mabuku a akasinja a Germany

Mwezi uno kabizinesi kathu kakwanitsa zaka 5, ndiye ndati ndilembeko poti abale kumudzi ndikawauza kuti ndimagulitsa mabuku a ma tank amaganiza za mathanki a madzi kkkk. Ayi ndithu, ndi akasinja a nkhondo yachiwiri ya dziko lonse ija, Panzer IV, Panther, Tiger.

Zinangoyamba mwamasewera. Ndinkagwira ntchito yosamalira okalamba kuno ku UK, Lamulungu lina pa car boot, msika wa zinthu zakale, ndinagula katoni ya mabuku akaunjika, mkatimo munali atatu a Thomas Jentz ndi Hilary Doyle, akatswiri olemba za akasinja a Germany, ine osawadziwa n'komwe, ndinangowaika pa eBay ndipo sanagonere. Anagula ndi madala ena amene amamata timasinja tapulasitiki ta sikelo ya 1:35, ndipo ndi iwowo ananditsegula m'maso. Anandionetsa zithunzi ziwiri za Tiger I, ine ndikuona zofanana, iwo akuti onani mawilo mayi, awa ali ndi mphira m'mbali, awa achitsulo anabwera mu 1944. Kenako nkhani ya Zimmerit, chiphala chamizeremizere chija ankapaka kuti mabomba a maginito asamatirire, anasiya kupaka mu September 1944, ndiye ukachimata pa kasinja amene anatuluka pambuyo pake anzako akuseka chaka chonse. Apa m'pomwe ndinamvetsa kuti anthuwa akamalipira ndalama zambiri chonchi akufuna zojambula zoyezedwa bwino ndi masiku amene fakitale inasintha kanthu, za pa intaneti zambiri n'zongokoperana, zolakwika zomwe.

Chaka chachiwiri ndi chimene chinandiliza. Ndinaoda makatoni 14 kwa bambo wina amene ankalankhula mokoma ngati m'busa, kutsegula ena anali mafotokope, ena masamba opinda a zojambula aja anachotsamo, ndipo foni yawo mpaka lero sikupezeka. Abwinowo ndinasunga mu galaja ya lendi, kubwera dzinja la kuno denga kudontha, kukatsegula fungo lokhalokha, masamba omatana, nkhungu bii. Ndinakhala pansi pa simenti pomwepo. Amene anandikongoza mpamba aja, amene lero amandiimbira kuti tinkadziwa kuti zitheka, nthawi imeneyo ankafuna zawo Lachisanu lomwelo ndi chiwongola dzanja cha katapila. Sinditchula maina, akudzidziwa.

Zikomo amayi a chipereganyu cha ku tchalitchi, munandipatsa ndalama isanakwane nthawi yanga osafunsa zambiri. Zikomo bambo a kunyumba ponyamula makatoni msana ukuwawa, achemwali anga posunga ana, mwana wanga woyamba amene amajambula zithunzi, ndi madala a mawilo aja amene ananditengera ku Bovington, kosungira akasinja akale, kukaona Tiger 131, imene inagwidwa ku Tunisia mu 1943. Pa ma Tiger I pafupifupi 1,350 amene anapangidwa ndi yokhayo ikuyendabe, injini ya Maybach ikalira mpaka m'chifuwa mumanjenjemera.

Pano buku lililonse ndimaliwerenga masamba ndisanaike mtengo, ngati lili ndi banga ndimanena. Sabata ino afika mabuku a Walter Spielberger, ena a Chijeremani ena a Chingerezi, komanso a Panther angapo osang'ambika olo pang'ono. Otenga awiri positi ndilipira ndine, ndipezeni ku inbox asanathe.