Misa ya Ambuye Chiona yatheka, zikomo Agogo a Mphunzitsi

Atamandike Yesu Khristu.

Ndangolowa m'nyumba kumene. Miyendo yatupa, chitenje chikununkha utsi wa kumoto, koma tulo sitibwera ndisanalembe. Misa yokumbukira malemu Ambuye James Chiona, Arkiepiskopi wakale wa Blantyre, yachitika kuno kunthambi kwathu, ndipo yachitika bwino.

Ambiri mukudziwa mmene sabata ino inalili. Bambo akunyumba ali gone kuchipatala, ine ndikugona pa simenti pansi pa bedi lawo. Thumba la komiti losakwana ngakhale mafuta a galimoto ya Bambo Mfumu. Chisakasa chimene anyamata anamanga Lolemba, mphepo ya Ogasiti inachigwetsa Lachiwiri usiku. Lachitatu m'mawa uthenga woti tiimitse kaye mwambowu ndinali nditaulemba kale pa foni, kunangotsala kutumiza.

Nthawi yomweyo ndi imene anatulukira Agogo a Mphunzitsi, katekisiti wathu wopuma. Anayenda wapansi mpaka pa msewu, nakwera kabaza, kudzandipeza m'wodi atanyamula botolo la thobwa ndi kolona yawo yamikanda yothetheka ija. Sanandifunse zambiri. Anapempherera wodwala, kenaka anati, "Mwanawe, iwe samala bambo awa. Kope la ndalama undipatse ine." Ndinawauza kuti m'kopemo muli maina ambiri koma ndalama mulibe. Anangolilandira, naliika m'thumba la jekete.

Agogo, zikomo. Ndikudziwa kuti Facebook simuidziwa, koma mdzukulu wanu akuwerengerani mawa. Zikomo.

Zimene anachita masiku atatu amenewo ndazimva kwa anthu lero. Anazungulira Miphakati yonse khomo ndi khomo, ndi ndodo yawo, dzuwa likuswa mtengo. Wina anapereka mbale ya ufa, wina nkhuku, wina mtolo wa nkhuni. Nandolo wawo amene amadikira kuti mtengo ukwere anakamugulitsa Lachinayi pa mtengo wolira, kuti mafuta a Bambo Mfumu apezeke. Mbuzi imene mwadya masana ija inachokera m'khola mwawo. Chisakasa anaimika nsichi yoyamba okha, anyamata atawaona anachita manyazi nathamangira luzi.

Pali ena anandifunsa mwezi watha kuti, Ambuye Chiona anatisiya pa 18 Ogasiti 2008, kalekale, nanga tivutikiranji ndi Misa yawo kunthambi yakumudzi ngati ino, pamene ku Limbe kuli katedirale? Funso limeneli linandipweteka, koma sindikwiya nawo, chifukwa ambiri ofunsa anabadwa zinthu zitasintha kale. Theka la akuluakulu amene anakhala pa mabenchi lero, amene anatidzoza mafuta pamphumi pa Ulimbitso ndi iwowa. Anakhala Arkiepiskopi wa Blantyre kuyambira 1967, Mmalawi woyamba pa mpando umenewo, mpaka 2001 pamene anasiyira Ambuye Tarcisius Ziyaye. Zaka zoposa 33 akuyenda m'misewu yafumbi ya ku Chiradzulu, Thyolo, Mulanje, Mwanza. Ndi iwo anali mwini khomo ku Blantyre pamene Papa Yohane Paulo Wachiwiri anabwera m'Meyi 1989, amayi athu atalawirira usiku pa lole kuti akamuone. Ine ndimakumbukira dzanja la Ambuye Chiona pamutu panga pa Ulimbitso, ndili ndi diresi loyera lobwereka, ndikunjenjemera kuopa kuti andifunsa funso la katekisimu.

Koma chimene chinatisonkhanitsa kwenikweni ndi kalata ija. Pa 8 Malichi 1992, Lamulungu loyamba la Lenti, kalata ya Maepiskopi inawerengedwa m'matchalitchi a Katolika m'dziko lonse. Ana a lero muyenera kumvetsa kuti nthawi imeneyo munthu unkayang'ana kaye kumbuyo usanadandaule ngakhale za mtengo wa feteleza. Kulowa mumsika popanda khadi la chipani kunali kovuta. Ndiye kalata ikubwera ikunena poyera kuti olemera akulemererabe pamene osauka akusaukirabe, malipiro a antchito ndi ochepa, m'masukulu ana adzadza mabuku mulibe, m'zipatala mankhwala ndi ogwira ntchito akuchepa, anthu akutsekeredwa popanda kuzengedwa mlandu, ndipo munthu sayenera kuzunzidwa chifukwa choganiza mosiyana ndi akuluakulu. Zonsezi aliyense ankazidziwa. Chachilendo chinali kuzimva zikutuluka pa guwa, masana, chitseko chili chotsegula.

Kuno tsiku limenelo kunalibe wansembe. Amene anaimirira kutsogolo ndi kuwerenga kalata yonse, kuyambira mutu mpaka maina a m'munsi, anali Agogo omwewa, ali bambo wa ana aang'ono. Ndinali mtsikana wa ku pulaimale, ndinakhala pansi kutsogolo ndi anzanga. Zambiri sindinazimve, koma ndinaona pepala likunjenjemera m'manja mwawo, ndi malemu mayi anga akupukuta misozi ndi nsonga ya chitenje. Atamaliza kunali zii. Kenaka mayi wina kumbuyo analulutira, tchalitchi chonse chinatsatira.

Patangopita masiku awiri Ambuye Chiona ndi anzawo anaitanidwa kupolisi ku Blantyre, nafunsidwa maola ambiri. Wailesi inalengeza kuti kalatayo ndi youkira boma, aliyense amene ali nayo akaipereke kupolisi. Ku Balaka, kumene inasindikizidwa, kunayatsidwa moto. Monsinyolo John Roche amene ankayang'anira dayosizi ya Mzuzu anathamangitsidwa m'dziko muno m'nyengo ya Pasaka. Tinkagona tikumva manong'onong'o oti Maepiskopi aphedwa. Ambuye Chiona ndi anzawo, monga Ambuye Felix Mkhori a ku Chikwawa ndi Ambuye Mathias Chimole a ku Lilongwe, sanabweze mawu awo. Pa 14 Juni 1993 tinaona makolo athu ali pamzere wa riferendamu, ndipo mu Meyi 1994 kunachitika chisankho cha zipani zambiri.

Agogo kalata yawo sanakaipereke. Anaikulunga m'pepala la pulasitiki, naiika m'chitini, naikwirira pansi pa nkhokwe. Zimenezi ine sindinkazidziwa mpaka lero. Pa nthawi ya mtulo, amayi atadutsa ndi malichero a ufa ndi nyemba, tinangoona nkhalamba ikubwera pambuyo pang'onopang'ono, ndodo yaisiya pa benchi, manja onse awiri atanyamula kabuku kofiirira kodyedwa ndi chiswe m'mbali. Anakagwada pa guwa. Bambo Mfumu atatsegula ndi kuona chimene chinali, anakhala kanthawi osayankhula, kenaka anakakweza kuti mpingo wonse uone. Kwaya inasokoneza nyimbo. Ine ndinalira ngati mwana, ndipo sindinali ndekha.

Timawatamanda Ambuye Chiona chifukwa chosaina dzina lawo pa kalata imene ikanawaphetsa, ndipo nkoyenera. Koma iwo anali ndi maso a dziko lonse lapansi akuwayang'ana. Katekisiti wakumudzi akanatengedwa usiku, ndani akanalemba za iye? Mawu a abusa athu anafika m'makutu mwathu chifukwa panali anthu ngati Agogo amene anavomera kuwanyamula ndi pakamwa pawo. Lero ndaona ngati tikulemekeza anthu awiri pa Misa imodzi, wina ali kumwamba, wina ali pa benchi yachitatu atavala jekete long'ambika pachigongono.

Ndithokoze Bambo Mfumu pobwera ngakhale anali ndi maliro kwina m'mawa. Amayi Achikatolika, munafika nkhuku zisanalire, mpunga sunapserere, aliyense anadya. Alejio, inu munasinthana kudzakhala ndi wodwala wanga kuti ine ndikapezeke pa Misa, Mayi Maria akupempherereni. Akwaya, otumikira pa guwa, ana ovina, achinyamata amene munatunga madzi kumjigo maulendo osawerengeka. Abale athu a CCAP ndi a Chisilamu amene munatibwereka mabenchi ndi miphika, ndipo ena mwa inu munakhala nafe mpaka dalitso lomaliza, zikomo kwambiri. Ana a kuno amene muli ku Joni munatumiza kangachepe Lachisanu usiku, kanafika, ndipo ndi kamene kanagula shuga ndi mchere.

Inu amene munalemba maina pa gulu ndi malonjezo akuluakulu, kenaka foni n'kumangoitana osayankhidwa, sindikutchulani. Ena a inu ndi omwe mumalankhula mokweza za ufulu nthawi ya kampeni. Ufulu umenewo lero timakumbukira mmodzi wa amene anauvutikira, ndipo mipando imene tinakusungirani kutsogolo tinakhazikapo agogo a m'mudzi. Nkhalamba yagulitsa nandolo wake kuti ikwirire dzenje limene munasiya. Ndinene zoona, zimenezi zikundiwawabe.

Ambuye, muwapatse mpumulo wosatha mtumiki wanu James Chiona, pamodzi ndi Maepiskopi anzawo amene anatsogola, ndipo kuyera kosatha kuwawalire. Awuse mumtendere. Ndipo Agogo athuwa mutisungireko, mawondo awo muwalimbitse.

Bambo akunyumba akupezako bwino, lero amwa phala okha, ndipo madokotala akuti mwina atuluka Lachiwiri. Pitirizani kutipempherera. Miphika ndi mabenchi obwereka tibweza Lolemba m'mawa, achinyamata tikumane kutchalitchi. Kope la ndalama Agogo andibwezera madzulo ano, chilichonse chalembedwa ndi dzanja lawo, ngakhale mtolo wa nkhuni, ndipo tidzaliwerenga pamaso pa onse Lamulungu likubwerali. Ndalitsegula kufunafuna nandolo ndi mbuzi yawo, sanazilembemo. Ndazilemba ndekha pa tsamba lomaliza.