Ulendo wathu wa ku Mzuzu, ana ali kumbuyo

Pamene tinkakonza zokacheza ndi anzathu a banki m'khonde a ku Chibavi mumzinda wa Mzuzu, nkhani imene inatidyera nthawi pamisonkhano sinali ya ndalama, koma ya ana. Ena ankati amayi a ana aang'ono atsale, chifukwa kuchokera ku Blantyre kukafika ku Mzuzu ndi makilomita opitirira 600, ndipo mwana wongoyamba kumene kuyenda sangakhale pamiyendo tsiku lonse. Amayi a pampando anakana, nati amene amaponya masheya mokhulupirika sabata ndi sabata ndi amayi omwewo, choncho sichilungamo kuwasiya pa tsiku lachisangalalo. Ine ndinali kumbali yawo, ndipo mpaka lero ndikuona kuti tinachita bwino.

Tinanyamuka ku Ndirande m'bandakucha pa kositala imene tinachita hayala, ana onse ali m'tulo kumbuyo kwa amayi awo. Mayi aliyense anauzidwa kuti atenge buku la kusikelo, matewera okwanira, zitenje zapadera, juzi ndi chipewa cha mwana, komanso phala la m'fulasiki. Agogo athu anabwera ndi poti ndi kandowa kokhala ndi chivindikiro, ndipo amene anawaseka m'mawa umenewo akudzidziwa okha. Mpaka pa Zalewa m'galimoto munali bata, moti tinaimba nyimbo chapansipansi kuopa kuwadzutsa. Titangodutsa pa tolo geti ya pa Chingeni, ana anayamba kudzuka mmodzimmodzi, ndipo aliyense ankafuna chinthu chimodzi: kutsika pamiyendo n'kuyenda.

Pa Lizulu, pamene msewu umayenda m'malire enieni a dziko lino ndi Mozambique, tinaima kuti tigule kachewere ndi kabichi wopita naye kwa otilandira. Amayi ali pakati potsitsa mitengo, mmodzi wa mapasa amene tinali nawo anaona mbuzi kutsidya, n'kupulumuka m'manja mwa amake kulunjika pamsewu, lole ikubwera kuchokera cha ku Dedza. Alembi athu anataya jumbo ya matimati n'kumugwira malaya ali m'mphepete mwa phula. Palibe amene analankhula kwa kanthawi. Kuyambira pamenepo tinagwirizana kuti mwana asatsike wamkulu asanamugwire dzanja, ndiponso kuti mayi amene akugula zinthu apereke kaye mwana wake kwa mnzake womutchula dzina, osati kungoti gulu likumuona.

Ku Dedza kunali kuzizira koti ana onse anavala zipewa popanda kuwanyengerera. Nkhomaliro tinadyera ku Lilongwe, ndipo kumeneko tinachedwa kuposa mmene tinaganizira, chifukwa mwana sungamuthamangitse pakudya.

Mkangano weniweni unabuka titadutsa Kasungu. Adalaivala ankafuna kudutsa m'nkhalango ya Chikangawa kusanade, poti nyengo yozizira chifunga chimatsika msanga m'mapiri a Viphya, ndipo msewu wake ndi wamakona. Amayi nawo ankati ana adzionongera, ena akufuna kukodza, ndiye galimoto iime. Amsungichuma anakhala kumbali ya adalaivala, nakumbutsa mokweza kuti iwo ananena kale kuti ana atsale. Amake mapasa anayankha mawu amene sindiwalemba muno, popeza anapepesana kale. Poyang'ana m'mbuyo, mbali zonse ziwiri zinali ndi mfundo, chifukwa kuyenda m'chifunga usiku n'koopsadi, komanso mwana wa zaka ziwiri sadziwa kudikira. Amene anathetsa nkhaniyi ndi agogo athu. Anapita kumpando wakumbuyo, anatchinga ndi chitenje, anaika poti wawo pansi, n'kuitana ana mmodzimmodzi, galimoto ikuyenda pang'onopang'ono. Zosintha matewera tinakachitira pa Jenda, apolisi akuona zikalata za galimoto.

Pa Jenda pomwepo ena anagulira ana chipisi chamafuta, ndipo makona a Chikangawa anachibweza chonse. Mwana wa amayi a kwaya anasanzira pa chitenje chatsopano cha amsungichuma, chimene anasokera ulendo womwewu. Tonse tinayembekezera kuti moto uja uyakanso. Koma iwo anangopukuta, anamutenga mwanayo m'manja mwa amake amene nawonso anali ndi chizungulire, anamukhazika kutsogolo kuti aziona msewu, anatsegula zenera pang'ono, n'kumufungatira mpaka tinaona magetsi a ku Mzuzu. Ndi chifukwa chake masiku ano mukumva ana akuwaitana kuti azakhali a ku Chikangawa, ndipo iwo amavomera.

Usiku womwewo mwana yemweyo anayamba kutsegula m'mimba. Mwamwayi alembi ananyamula mapaketi a Thanzi. Otilandira anawiritsa madzi, atazizira tinasungunula paketi imodzi m'madzi okwana lita 1, ndipo amake ankamumwetsa pang'onopang'ono ndi supuni kwinaku akupitiriza kumuyamwitsa. M'mawa anapita naye kuchipatala chapafupi, kumene buku la kusikelo lija linathandiza, ndipo anam'patsa mankhwala a zinki. Pofika madzulo anali akuthamangitsa nkhuku pabwalo.

Za maphunziro, anzathuwo anationetsa mmene amayendetsera thumba la zadzidzidzi padera pa masheya, mmene amasungira bokosi la maloko atatu makiyi ake ali kwa anthu atatu osiyana, ndiponso lamulo lawo loti munthu asakongole ndalama zoposa katatu zimene waponya. Alembi ali ndi zonse m'buku ndipo adzaziwerenga pamsonkhano.

Chakudya ndiye sitidzachiiwala. Anatiphikira kondowole, usipa ndi chigwada chotendera. Ana athu, amene anazolowera nsima ya chimanga, ankakoka kondowoleyo n'kumayang'ana zala zawo modabwa, ndipo mmodzi wa mapasa anakana kutsegula pakamwa mpaka ataona ana a kumeneko akumeza osatafuna. Atalawa, anamaliza mbale yake n'kuyamba ya mbale wake. Amayi a ku Chibavi anali atakonzeratu phala ndi mpunga poopa kuti ana akana, ndipo anatiyalira matiresi pansi kuti ana asagwe pabedi, maneti atapachika kale. Chisamaliro chotero chimachokera kwa anthu amene analerapo.

Tikuthokoza amayi a pampando poumirira kuti tonse tipite, alembi chifukwa cha liwiro la pa Lizulu, agogo athu chifukwa cha poti, amsungichuma chifukwa cha chitenje chija, ndi adalaivala amene pobwerera ankaima okha asanapemphedwe. Tikuthokozanso abambo amene anatsala ndi ana akuluakulu. Anzathu a ku Chibavi abwera kudzatibwezera ulendowu akatha kugawana, ndipo tawauza kuti abwere ndi ana awo, anyamuke m'mawa chifunga chitayera, ndipo agone ku Lilongwe kuti mtunda udulidwe pawiri. Amene angathe kulandira mayi ndi mwana kunyumba kwake alembetse kwa alembi.